Limba Lopanda Thupi ndi Phiri la Khondowe

Dzina loti "limba" ndi lakale kuposa chipangizo chimene Amalaŵi ambiri amachitchula ndi dzinalo masiku ano. Azungu asanaponde dziko lino, anthu a m'chigwa cha Shire ndi cha Zambezi adali kale ndi ulimba, woimbidwa pomenya timatabwa tondandalikidwa pamwamba pa zikho. Adalinso ndi kalimba, kathabwa ka mano achitsulo kamene munthu amakadidikiza ndi zala zamanthu podzisangalatsa pa ulendo wautali. Choncho pamene amishoni adatsitsa bokosi lawo loimbira m'tchalitchi, anthu sadavutike kusaka dzina latsopano. Adaona mano ake ondandalikana, adamva kulira kwake, nati ili ndi limba.

Lero dzina lomwelo lagwera chinthu chimene manja sangachigwire. Wachinyamata wokonza nyimbo ku Mzuzu kapena pa boma la Rumphi amatsegula kompyuta yake, nalumikiza kiyibodi yaing'ono, nasankha pa mndandanda liwu la piyano ya magetsi ya m'zaka za m'ma 1970. Chimene chimatuluka m'masipika ndi kulira kofatsa konga kwa belu lakutali, kumene makolo ake ankakumva pa wailesi. Koma m'chipindamo mulibe piyano. Muli pulogalamu chabe, yolembedwa kutsidya kwa nyanja, imene ntchito yake ndi kutsanzira chipangizo chimene chidatchuka iye asanabadwe. Wofuna kumvetsa mmene liwu lidalekanirana ndi thupi lake angachite bwino kuima pamwamba pa Khondowe, ku Livingstonia, pakuti kumeneko funso lofunsidwa pa katundu aliyense, kuyambira pachiyambi pomwe, lidali limodzi: kodi ameneyu akwera bwanji phiri?

Sitima ya Ilala idaloŵa m'nyanja ya Malaŵi pa 12 October 1875 itanyamula kagulu ka amishoni a Free Church of Scotland, kotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitimayo idachita kuphwasulidwa pa mathithi a Shire, ndipo amtengatenga mazanamazana adasenza zitsulo zake pamutu mpaka kumtunda kumene idalumikizidwanso. Pa ulendowo padali Dr Robert Laws, mnyamata wa zaka 24. Chimene ambiri sachidziŵa n'chakuti mpingo umene udatuma ulendowu udali usanavomereze chipangizo chilichonse choimbira m'nyumba ya Mulungu. Ku Scotland nkhaniyi idakanganitsa akuluakulu a mpingo kwa zaka zambiri, ena akunyoza limba la mapaipi kuti ndi bokosi la zitoliro losayenera tsiku la Sabata. Mpingo wa United Presbyterian, kumene Laws adachokera, udavomereza m'chaka cha 1872, koma Free Church idadikira mpaka 1883. Pamenepo n'kuti mishoni itasamuka kale ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881. Kotero Chikhristu cha Livingstonia chidayamba chikuimba ndi pakamwa pokha.

Chida chachikulu chophunzitsira nyimbo sichidali cha matabwa koma cha choko. Imeneyi ndi solofa, njira yolembera nyimbo ndi zilembo imene adaiyamba mayi Sarah Glover a ku Norwich, naifalitsa mbusa John Curwen kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Solofa siifuna mtengatenga. Imangofuna bolodi ndi mphunzitsi wa khutu labwino. Ndiponso liwu lake loyambira, "doh", silimangika pamalo amodzi: wotsogolera kwaya amalikweza kapena kulitsitsa molingana ndi mawu a anthu amene ali nawo tsikulo. Pamene Laws adatsegula sukulu yaikulu ya Overtoun Institution pa Khondowe mu 1894, aphunzitsi otuluka kumeneko adanka nayo solofa m'masukulu a m'midzi, ndipo mpaka pano makwaya ambiri m'Malaŵi amaphunzira nyimbo mwa njira yomweyo.

Khondowe ali pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja. Msewu wakale wa Gorodi, wokwera kuchokera ku Chitimba, uli ndi makona 20 okhota ngati mbedza, ndipo usanalambulidwe chilichonse chinkakwera pamutu pa munthu. Limba la mapaipi, longa la m'matchalitchi aakulu a ku Glasgow, ndi nyumba payokha, ndipo limafuna mmisiri wake woliyang'anira chaka ndi chaka. Chimene chidafala m'mamishoni a dziko lino ndi choloŵa m'malo mwake, limba la mvukuto lotchedwa harmonium, limene Alexandre Debain adalilembetsa ku Paris mu 1842. Ku America makampani onga Estey ndi Mason & Hamlin adapanga abale ake ochuluka zedi, ena opindika ngati sutikesi kuti azitha kuyenda ndi mlaliki. Woimba amapondaponda ndi mapazi aŵiri kuti mvukuto ukankhe mpweya, ndipo akadidikiza dzino limodzi, mpweyawo umadutsa pa kalilime kamkuwa kamene kamanjenjemera n'kutulutsa liwu. Dzino lililonse lili ndi kalilime kake.

Ku Ulaya limba limeneli linkaonedwa ngati la amphaŵi, la mipingo yosatha kugula lenileni. Kuno lidasanduka lenileni, popeza m'malo ambiri lina kudalibe. Mavuto ake akale akuwakumbukira. Chinyontho cha m'dzinja chinkatupitsa matabwa mpaka mano ena kukakamira. Makoswe ankaboola mvukuto, chiswe chikudya kunsi. Limba lokalamba linkapuma ngati munthu wa chifuŵa cha mphumu, ndipo woimba akatopa miyendo nyimbo inkafooka pakati pa ndime. Koma anthu amene adakula akulimva adalikonda pamodzi ndi kupuma kwakeko, kotero kuti kwa iwo Khirisimasi yopanda kulira kumeneko siinkamveka ngati Khirisimasi.

Vuto lalikulu silidali la makoswe. Tililime tamkuwa tija tidasulidwa ku fakitale, ndipo tidagaŵa makwerero a mawu m'magawo 12 ofanana, monga mwa mwambo wa ku Ulaya. Limba silingapinde liwu, silingatsetsereke kuchoka pa liwu lina kugwera pa lina monga amachitira mayi wotsogolera nyimbo ya pamtondo kapena mkulu woyambitsa ingoma. Nyimbo za Atumbuka, Atonga ndi Angoni zili ndi makwerero awoawo, ndipo kaŵirikaŵiri zimatsata kukwera ndi kutsika kwa mawu a chiyankhulo. Poika mawu a Chitumbuka pa nyimbo za ku Scotland, ziganizo zinkapotoka, ndipo anthu ankaimba mwaulemu koma mouma.

Amene adaona zimenezi msanga ndi Donald Fraser, yemwe adafika mu 1896 nagwira ntchito pakati pa Angoni, makamaka ku Loudon, kumene ndi ku Embangweni. Iye adalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a makolo awo, ndipo ankachititsa mipikisano ya opeka nyimbo pa misonkhano ikuluikulu ya mpingo. Mayina a Mawelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula ndi Jonathan Chirwa adamveka m'nyengo imeneyo, ndipo nyimbo zawo zidaloŵa m'buku la Sumu za Ukristu. Izi ndi nyimbo za mtsogoleri ndi ovomera, zosafuna limba konse. Helen Taylor adasonkhanitsa zina mwa izo mu 1959, ndipo kudzera mwa iye ndi mbusa Tom Colvin zina zidaoloka nyanja mpaka kuloŵa m'buku la nyimbo la Church of Scotland la 2005. Tsono chopereka chachikulu cha Livingstonia ku nyimbo za dziko lapansi chidachokera kumene limba lidalephera.

Kunsi kwa phiri, m'mbali mwa nyanja, anthu ankachita kutsanzira kwa mtundu wina. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anyamata amene adaona magulu oimba a asilikali adabwera ndi gule wa malipenga, amene adafala ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga. Malipenga amkuwa analibe. Adatenga zikho zazitali, naziboola, namatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, ndipo poimbira m'kati mwa chikhocho liwu la munthu linkatuluka likunjenjemera ngati lipenga la asilikali. Palibe amene adanamizika kuti akumva gulu la King's African Rifles. Chotsanziracho chidakhala chinthu chatsopano, cha ulemerero wake, ndipo lero chimaŵerengedwa pakati pa magule a makolo. Wonyoza limba la pa kompyuta kuti ndi chinyengo ayambe wakumbuka zikho zimenezi.

M'chaka cha 1905 magetsi adayaka pa Khondowe, ochokera ku mphamvu ya madzi otsika m'phirimo, pamene matauni ambiri a m'chigawo chino cha Africa ankadalirabe nyali. Magetsiwo adali ounikira ndi oyendetsera makina a mishoni, pakuti munthu amene adadzaphunzitsa magetsi kuimba piyano adali asanabadwe. Iye adabadwa ku America zaka zisanu pambuyo pake, mu 1910, ndipo dzina lake lidali Harold Rhodes. Omvera asamusokoneze ndi Cecil Rhodes uja, mwini British South Africa Company, imene Laws adayenera kukambirana nayo za malo a Khondowe. Uyu adali mphunzitsi wa piyano chabe.

Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse Harold Rhodes adaloŵa gulu la asilikali a ndege, ndipo adapatsidwa mwayi wophunzitsa nyimbo asilikali ovulala ogonekedwa m'zipatala. Piyano siingakwere pabedi la wodwala. Iye adatola timapaipi ta aluminiyamu ta ndege zowonongeka za mtundu wa B-17, natidula mosiyana kutalika, napanga kalimba koika pamiyendo ka mano 29. Nkhondo itatha adapitiriza kusula maganizo akewo. Mu 1959 adagwirizana ndi Leo Fender, katswiri wa magitala a magetsi, ndipo kampani ya CBS itagula Fender mu 1965, piyano ya mano 73 yotchedwa Fender Rhodes idayamba kugulitsidwa.

M'kati mwake mulibe nsambo. Dzino lililonse limakankha kanyundo, kanyundoko kamamenya kachitsulo kowonda konga sipoko ya njinga, komangidwa mbali imodzi, mbali inayo kali lende. Kachitsuloko kamanjenjemera patsogolo pa maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa, ndipo kunjenjemerako kumabala mphamvu yochepa ya magetsi imene imakuzidwa n'kutuluka m'sipika. Pochuna, mmisiri amasuntha kasipiling'i kovekedwa pa kachitsuloko. Kampani ya Wurlitzer, imene idatulutsa piyano yake ya magetsi mu 1954, idagwiritsa ntchito tililime tachitsulo tathyathyathya, ndipo pochuna ankawonjezera kapena kupala kamtovu komatidwa kunsonga. Munthu aliyense amene adaonapo nkhalamba ikukonza sansi yake, ikukankha dzino kuti lifupike kapena kulisolola kuti litalike, azindikira msanga zimene zikunenedwa pano. Piyano ya magetsi ndi m'bale wake wa sansi: chitsulo chomangidwa mbali imodzi, chonjenjemera mbali inayo. Chosiyana n'chakuti sansi imakuza mawu ake ndi chikho pamene inayo imadalira maginito.

Nayonso idapangidwa ngati choloŵa m'malo, piyano yotha kunyamulika ya oimba oyendayenda ndi ya m'masukulu, ndipo nayonso idalephera kumveka ngati chimene inkatsanzira. Ukaikhudza pang'ono imalira ngati belu. Ukaimenya mwamphamvu, kachitsulo kamapitirira malire a maginito ndipo liwu limasasa, kuchita ngati kuuwa. Kusasa kumeneku, kumene injiniya akadakutcha chilema, ndiko kudakopa oimba. Ray Charles adaimba What'd I Say pa Wurlitzer mu 1959. Miles Davis adakhazika Herbie Hancock pa piyano ya magetsi mu 1968, Billy Preston adaimba Rhodes pamodzi ndi a Beatles mu 1969, ndipo Stevie Wonder adaifikitsa m'nyumba iliyonse ya wailesi m'zaka zotsatira. Oimba sansi sakadadabwa nazo. Iwo amamangirira dala tizigoba ta nkhono kapena zitsekerero za mabotolo pa chida chawo kuti liwu lisatuluke loyera mbee, pakuti liwu lopanda kunjenjemera limamveka ngati ndiwo zopanda mchere.

Amalaŵi ambiri adakumana ndi liwu limeneli osaona chipangizo chake. Linkabwera pa wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, ndiponso pa mbale za galamafoni zimene ankabwera nazo obwerera ku Joni ndi ku Harare. Piyanoyo payokha inkalemera pafupifupi makilogalamu 60, osaŵerengera zokuzira mawu, ndipo mtengo wake udali wa oimba a m'maiko olemera.

Imfa yake idadza mofulumira. Mu 1983 kampani ya Yamaha ya ku Japan idatulutsa kiyibodi yotchedwa DX7, yolemera makilogalamu 14 okha, yopanga mawu ndi masamu motsata njira imene John Chowning adaitulukira pa yunivesite ya Stanford. Limodzi mwa mawu oikidwiratu m'menemo lidali lotsanzira piyano ya magetsi, lonyezimira kuposa lenileni, losafuna kuchuna, losathyoka zitsulo. Makiyibodi ameneŵa adagulidwa oposa 200,000, ndipo liwulo lidadzaza nyimbo zachikondi za m'ma 1980. Wurlitzer idaleka kupanga yake kumayambiriro kwa zaka zimenezo, ndipo Rhodes idatsatira chapakati pake. Chotsanzira cha chotsanzira chidapha mwini wake.

Ana a DX7 ndiwo adakwera Gorodi mosavuta. Makiyibodi otsika mtengo a Yamaha ndi Casio, otha kuyendera mabatire, okhala ndi ng'oma zodziimba zokha, adaloŵa m'makwaya ndi m'matchalitchi m'dziko lonse. Ku Balaka, Paul Banda ndi gulu la Alleluya adamanga pa kiyibodi kaimbidwe kamene kadalamulira nyimbo za Malaŵi m'zaka za m'ma 1990. Mwana wa sukulu ankatha kunyamula m'khwapa limba limene agogo ake ankalisenza anthu angapo. Malimba a mvukuto adakankhidwira kuseri kwa guwa.

Pali kanthu kena kochititsa chidwi kobisika m'makiyibodi ameneŵa. Mu 1991 makampani adagwirizana za mndandanda umodzi wa mawu 128, wotchedwa General MIDI, kuti nambala iliyonse izitanthauza chida chomwecho pa makina alionse. Nambala 5 ndi 6 ndi mapiyano a magetsi. Nambala 20 ndi limba la mapaipi, ndipo 21 ndi limba la tililime lija. Nambala 109 ndi kalimba, ndipo pa 110, khomo loyandikana nalo, pali chitoliro cha thumba cha ku Scotland. Amene adalemba mndandandawu sankaganiza za Khondowe, komabe mbiri yonse ya pamalopo ili m'menemo, yoikidwa m'manambala.

Mawu a pa mndandanda umenewo adali zithunzithunzi chabe, ndipo oimba sadachedwe kuyamba kulira chakale. Mu 1996 kampani ya Steinberg ya ku Hamburg idakonza njira yotchedwa VST yolumikizira timapulogalamu ta mawu ku pulogalamu yaikulu yojambulira, ndipo kuyambira 1999 njirayi idalola kuti kapulogalamu kakhale chida choimbira pachokha. Apa ndiye pamene limba lidatayiratu thupi.

Otsanzira piyano ya magetsi adagaŵikana panjira ziŵiri. Oyamba ndi ojambula. Amapeza piyano yakale yosamalika, naikonza, najambula dzino lililonse palokha: polikhudza pang'ono, polimenya pakatikati, polimenya mwamphamvu, kangapo konse, ngakhale kaphokoso kamene kamamveka chala chikachoka. Woimba akadidikiza kiyibodi yake, kompyuta imayeza mphamvu ya chalacho n'kutulutsa chojambula choyenera. Pulogalamu ya Keyscape, imene kampani ya Spectrasonics idatulutsa mu 2016, ndi ya mtundu umenewu, ndipo imadya malo okwana magigabaiti 77. Achiŵiri ndi oŵerengera. Iwo sajambula kanthu. Amalemba m'masamu mmene kanyundo kamagundira chitsulo, mmene chitsulo chimapindikira, mmene maginito amachimvera, ndipo kompyuta imaŵerengera liwulo nthaŵi yomweyo pamene chala chagwa. Lounge Lizard, ya kampani ya Applied Acoustics Systems ya ku Montreal, idatuluka mu 2002 motsata njirayi. Pianoteq idatuluka mu 2006 ku Toulouse, ndipo mwini maganizo ake, Philippe Guillaume, adayamba ali wochuna ndi kukonza mapiyano asanakhale katswiri wa masamu. Pulogalamu yotere ndi yaing'ono kwambiri, ya mamegabaiti makumi angapo basi.

Kusiyana kumeneku si nkhani ya akatswiri okha. Kwa wophunzira wa pa yunivesite ya Livingstonia, imene idatsegulidwa pa Khondowe mu 2003, magigabaiti 77 ndi katundu wolemera monga lidalili limba la mapaipi kwa Laws. Mtengatenga wa lero ndi bandulo ya intaneti, ndipo naye amalipidwa. Keyscape payokha mtengo wake udaikidwa pafupifupi madola 400 pamene inkatuluka. Phiri lilipobe, langosintha maonekedwe.

Chodabwitsa ndi chimene akatswiriŵa amatayirapo nthaŵi yawo yambiri. Kutsanzira liwu loyera n'kosavuta, DX7 idachita kale. Chimene amachisaka ndi zilema: kuuwa kuja, kugogoda kwa kanyundo, dzino limodzi lolira mosiyana pang'ono ndi linzake, kung'ung'udza kwa magetsi m'zokuzira mawu zakale. Pa mapulogalamu ena pali poti munthu apotokole kuti piyano yake imveke yokalamba. Zimene Harold Rhodes adalimbana nazo moyo wake wonse mpaka imfa yake mu 2000, lero zikugulitsidwa ngati ndiwo zake. Ndipo chakale chidauka: mu 2021 kampani ya ku Leeds, ku England, idayambanso kupanga Rhodes ya zitsulo zenizeni, ndipo mu 2023 kampani yomweyo idatulutsa pulogalamu yotsanzira piyano yakeyo.

Ntchito imeneyi ndi yotamandika, ndipo yapatsa woimba wa ku Rumphi liwu limene atate ake ankangolimva kutali. Koma kompyuta imasunga chimene wina wasankha kuchisunga, ndipo wosankha ndi msika. Rhodes yajambulidwa ndi kuŵerengeredwa kambirimbiri chifukwa ogula alipo ku Los Angeles, ku London ndi ku Tokyo. Kalimba ka pa nambala 109 kadaloŵa pa mndandanda chifukwa dzinalo lidatchuka kunja kudzera mwa Hugh Tracey, amene kuyambira m'ma 1950 ankapanga ndi kugulitsa tikalimba ku South Africa atatichuna mwa makwerero a ku Ulaya. Pa kiyibodi kalimba kameneka kamalira m'magawo 12 aja, ofanana ndi a limba la mvukuto. Dzina ndi lakuno, khungu la liwu ndi lakuno, koma mafupa ake ndi achilendo. Ulimba wa ku Nsanje ndi Chikwawa umagaŵa makwerero ake m'magawo 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo ambiri mwa mawu amenewo amagwera pakati pa mano a piyano, pamene palibe dzino.

Apa ndiye pali chotayika. Limba la mvukuto linkakhala m'tchalitchi tsiku limodzi pa sabata, ndipo nyimbo za Chinula ndi anzake zinkatha kulilambalala. Kiyibodi ndi kompyuta zili paliponse pamene nyimbo ikujambulidwa. Kuyambira 1997 palinso pulogalamu ya Auto-Tune, imene imakokera liwu la woimba pa dzino loyandikana nalo. Mayi akaimba nyimbo ya vimbuza monga adaiphunzirira kwa amake, makina osauzidwa kanthu amamva ngati waphonya, ndipo amamuwongola. Mwana womvera chojambulacho amaphunzira chowongoledwacho.

Komatu makinawo alibe mlandu, pakuti amatha kuuzidwa. Tililime ta Debain tidali tosasinthika, koma pulogalamu yonga Pianoteq imalola munthu kuika makwerero alionse amene afuna, ndipo ngakhale Auto-Tune ingathe kupatsidwa makwerero ena. Miyeso yake ilipo. Hugh Tracey yemwe uja, amene adagwirapo ntchito ya wailesi ku Durban, adayenda m'Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 akujambula nyimbo za m'midzi. Ankayenda ndi bokosi la tizitsulo ta mphanda 54 toyezera mawu, kuyambira konjenjemera ka 212 pa sekondi mpaka ka 424, ndipo ankalemba mmene mwini chida aliyense adachichunira. Zojambula ndi zolemba zakezo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo idasamukira ku Grahamstown, kumene tsopano ndi ku Makhanda, mu 1978. Nyumba yake ili pa yunivesite ya Rhodes, ndipo ameneyu ndiye Cecil uja.

Njira imene a Spectrasonics adajambulira mapiyano awo si chinsinsi, ndipo zida zake sizilinso za olemera okha. Pamafunika maikolofoni abwino, chipinda chachete, ndi munthu wodekha wolemba nambala ya chojambula chilichonse. Limba la mvukuto la mano 61, ngati chiswe chalisiyako penapake m'chipinda chosungira katundu wa mpingo, lingajambulidwe pa masiku oŵerengeka, pamodzi ndi kupuma kwake ndi kulira kwa zopondera zake. Kalimba ka mano 8 ndi ntchito ya masana amodzi. Chikho cha malipenga n'chovutirapo, popeza liwu lake ndi la munthu amene akuimbiramo, ndipo aŵiri saimba mofanana. Pa sansi, chofunika kuyamba nacho si kujambula mano, koma kumpeza mwini wake akadali ndi mphamvu m'zala, kumupempha kuti aichune monga amachitira yekha, ndi kuyeza dzino lililonse wina asanabwere ndi kiyibodi kudzamuuza kuti lachitatu latsika.